Kampani ya ku Lilongwe kapena mayi a pa boma aja? Zokambirana pa gulu la kopaletivu ya mbatatesi

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija tinaisiya panjira Loweruka yopeza anthu otithandiza kukonza kayendetsedwe ka kopaletivu, makotesheni abwera awiri. Yoyamba ndi ya kampani ya ku Lilongwe, atumiza kabuku kokongola kwabasi kokhala ndi zithunzi za mabwana anayi a masuti, mkulu wawo ali ndi PhD ndipo alemba kuti onse pamodzi ali ndi zaka 60 akugwira ntchito yolangiza mabungwe. Yachiwiri ndi ya mayi ena opuma pa ntchito pa boma pompa pa Ntcheu, anali manijala wa SACCO, kopaletivu yosunga ndi kubwereketsa ndalama, kwa nthawi yaitali, akugwira ndi mnyamata mmodzi wa za akaunti basi, iwowa atumiza mapepala atatu okha. Mitengo sikusiyana kwenikweni. Bungwe lomwe likutilipirira lati tisankhe tokha pofika Lachisanu, ndye tiyeni timve maganizo

Bambo Tcheya: Zikomo a mlembi. Ine ndawerenga zonse ziwiri. Kunena zoona a ku Lilongwe akuoneka kuti ndi anthu odziwa zinthu, agwirapo ntchito ndi mabungwe akuluakulu. Pulani yathu ikakhala ndi sitampa ya anthu oterewa ikafika kwa opereka thandizo imalemera

Wa Njinga pa Lizulu: PhD ndi PhD akuluakulu tisachedwe nazo izi

Mayi Msungichuma: PhD yo ndi ya mbatatesi? kkkk ndangofunsa

Wa Njinga pa Lizulu: Amayi inunso 😂

Mlangizi Wopuma: Ndiloleni ndifunse kaye tisanathamange. Zaka 60 zimenezo aziwerenga bwanji? Chifukwa anthu anayi aliyense zaka 15 zikwana 60, komanso mmodzi zaka 45 enawo zaka zisanu zisanu zikwananso 60 yomweyo. Ndipo funso lalikulu ndi lakuti mwa anayiwo ndani adzakwere galimoto kubwera kuno kudzakhala nafe mu shedi muja mphepo ya June ikuwomba. Ine pa ntchito yanga ya ulangizi ku Njolomole ndi ku Tsangano ndinawaona ambiri alangizi a mabungwewa, amene amabwera kudzasaina kontirakiti si amene amabwera kudzagwira ntchito

Mwana wa Kuno ali ku Lilongwe: Madala mwalasa. Ine ndinagwirapo mu kampani yonga imeneyi nditangomaliza ku Bunda ndye ndikuuzeni mmene zimayendera mkatimo, osati ndikunyoza ayi chifukwa ndinadyerako komweko. Makampani ambiri ang'onoang'ono amenewa mwini wake ndi mmodzi, ogwira ntchito okhazikika mwina awiri, wa pa lisepushoni ndi dalaivala. Mabwana enawo mumawaona pa kabukuwo ndi anzake a mwini kampani, wina ndi lekichala ku yunivesite wina ali pa ntchito ku bungwe lina, amangopempha CV yawo kuti aiphatikize pofunsira ntchito ndye ntchito ikapezeka amawapatsa kangachepe kapena kuwaitana tsiku limodzi lotsegulira. Zotsalazo timatumidwa ife ana, laputopu m'chikwama, mafomu a mafunso, kugona pa resiti hausi, kubwerera kukalemba lipoti usiku, bwana amangowerenga tsamba loyamba ndi lomaliza nkusaina

Mayi Msungichuma: Iiii ndye ngati ndowa za pa msika pa Lizulu pompa, mbatatesi zikuluzikulu pamwamba, ukakhuthula kunyumba pansi ponse tiana tokhatokha

Mwana wa Kuno ali ku Lilongwe: Kkkk anti mwatitcha tiana ife. Koma chilungamo chake anawo nthawi zina ndi amene amalimbikira kuposa mabwanawo, vuto ndi lakuti sanayendetsepo bungwe ngakhale la banki m'khonde, ndye ukawauza kuti komiti ndi manijala sakulankhulana iwo amakutsegulira buku nkukujambulira timabokosi tosonyeza kuti uyu ali pamwamba pa uyu. Timabokosi tomweto tili kale pa khoma la ofesi yanu eti

Mlembi: Tilipo, tinachita kutimata ndi selotepi, dzuwa linatifufutitsa

Bambo Tcheya: Koma tisaweruze anthu tisanawaone. Si makampani onse amene amachita zimenezo

Mwana wa Kuno ali ku Lilongwe: Zoona bambo, alipo abwino ndithu. Njira yowadziwira ndi yosavuta, muwauze alembe mu kontirakiti dzina la munthu amene adzatsogolere ntchitoyo ndi masiku amene iyeyo mwini adzakhale kuno, ndipo kuti akafuna kusintha munthu ayambe atifunsa. Abwinowo amavomera pompo, enawo amayamba kuti tiona mmene pulogalamu ya bwana ilili

Achemwali a ku Bembeke: Ndilowepo pang'ono ngakhale ndine mlendo pa gulu lino, munandiika chifukwa cha nkhani ya mbewu ija. Ife kwathu ku Bembeke zinatichitikira. Tinkafuna kufunsira thandizo la nyumba yosungira mbewu ndye tinalemba munthu wina wa mu tauni kuti atilembere bizinesi pulani, anabwera kamodzi, tinamuphera nkhuku, anatijambula zithunzi tili m'munda nkumapita. Pulani itabwera inali yonenepa bwino yomanga ndi chikuto cha pulasitiki, tonse kusangalala. Mwana wanga wa fomu 3 ndi amene anaiwerenga yonse mpaka kumapeto nkundifunsa kuti amama kodi inu mumalimanso mpunga? Tikuyang'ana pakati pakepo palembedwa kuti mamembala athu amalima mpunga wa Kilombero ndipo msika wathu waukulu ndi Karonga. Munthu uja anangotenga pulani ya anthu ena nkusintha dzina pamwamba, mkatimo anaiwala. Ndalama tinali titapereka zonse

Wa Njinga pa Lizulu: Mpunga pa Bembeke 😂😂 ndi kuzizira kuja

Mayi Msungichuma: Musaseke achimwene anthu anagulitsa mbuzi kuti asonkhe ndalama imeneyo

Achemwali a ku Bembeke: Eya mbuzi zinapitadi. Foni yake mpaka lero imangoti nambala mwaimbayi siyikupezeka

Mphunzitsi wa ku Kampepuza: Pepani achemwali. Koma nkhani yanuyi ikutiphunzitsa za kalipiridwe osati za kukula kwa kampani, chifukwa wakubayo anali yekha ngati mmene alili mayi a pa bomawa. Ndye tisatengeke kuti wamng'ono ndi woyera. Ine mafunso anga pa mayiwa ndi awa, kampani yawo inalembetsedwa kwa Registrar General? Ali ndi TPIN, nambala ija ya olipira msonkho ya ku MRA? Chifukwa bungwe lotilipiriralo silingatulutse cheke kwa munthu wopanda mapepala, komanso polipira pamafunika kudula msonkho uja wa withholding, woduliratu munthu asanalandire ndalama yake, pokhapokha ngati ali ndi satifiketi yoti asadulidwe

Mlembi: Satifiketi ya kaundula wa bizinesi aika, TPIN iliponso. A ku Lilongwe nawonso aika zonse, pamenepo ndi ofanana

Mlangizi Wopuma: Mayiwa ine ndimawadziwa ntchito yawo, sindibisa. Ndinawaona akuthandiza gulu lina la alimi a nyemba cha ku Nsipe. Tsiku loyamba sanabwere ndi pulojekita kapena mapepala omata pa khoma, anangopempha buku la msungichuma lija lachikuto cholimba, buku la malisiti ndi sitetimenti ya ku banki, nkukhala pa benchi ndi lula ndi pensulo m'mawa wonse osalankhula ndi munthu. Chakumasana anaitana msungichuma yekha kuseri nkumufunsa kuti malisiti kuchoka pa nambala iyi kufika pa iyi ali kuti, masamba ake anachita kung'ambidwa bwinobwino ndi lezala. Sanamuyalutse pa gulu ayi, anamupatsa mpaka mawa lake kuti akafotokoze yekha ku komiti. Zimenezo sungaziphunzire m'kalasi, ndi munthu amene anakhalapo pa mpando wa manijala mamembala akugogoda pa chitseko kufuna masheya awo ndalama mu akaunti mulibe

Mayi Msungichuma: Abwere aone langa buku, lilibe tsamba long'amba ngakhale limodzi, chomwe chikundivuta ine ndi anthu otenga feteleza pa ngongole ndi kalata ya pakamwa

Wa Njinga pa Lizulu: Apa ndye pafika pouma

Bambo Tcheya: Mayi msungichuma nkhani imeneyo ili ndi malo ake

Mayi Msungichuma: Malo ake ndi ati bambo, chaka chachitatu chino tikunena kuti ili ndi malo ake

Wogulitsa Mbewu: Mbewu ya Violet ndi Rosita ilipo yophukira bwino, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba ndikusungirani

Mlembi: Akulu malonda Lamlungu, tinagwirizana kale. Lero tili pa nkhani imodzi

Wogulitsa Mbewu: Pepani wawa

Mphunzitsi wa ku Kampepuza: Zomwe zangochitika pakati pa a tcheya ndi a msungichuma ndi ntchito yeniyeni imene tikufunira munthuyu. Tisanamizane kuti tikufuna pulani yokha. Mavuto athu ndi atatu ndipo tonse tikuwadziwa, zisankho sizinachitike nthawi yake itakwana, mabuku sanaonedwe ndi odita, ndipo palibe amene akudziwa polekezera mphamvu za komiti ndi poyambira za manijala. Lamulo la makopaletivu la 1998 limafuna msonkhano waukulu wa mamembala chaka chilichonse ndi mabuku oti odita wawaona, ndipo Registrar wa makopaletivu ku unduna wa zamalonda atati atifunse lero tingangoyang'ana pansi. Ndye munthu amene tikufuna ndi woti angathe kuwauza a tcheya maso ndi maso kuti nthawi yanu inatha itanitsani zisankho, mwaulemu koma osaopa. Mwana wa zaka 24 wotumidwa ndi bwana wake angathe zimenezo? Pepani a tcheya sindikulimbana nanu

Bambo Tcheya: Aphunzitsi palibe chopepesa. Zisankho ine sindinakanepo, ndi ndalama ya msonkhano imene imasowa

Mwana wa Kuno ali ku Lilongwe: Aphunzitsi mwana sangathe, ine ndinayesapo kunena zoterozo kwinakwake anangondifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani nkhani nkuthera pomwepo. Komanso pali china, kampani ya kutali imaona amene wasaina kontirakiti ngati bwana wawo, ndye lipoti amalemba loti wosainayo asakhumudwe kuti cheke chomaliza chituluke msanga. Muike mu kontirakiti kuti lipoti lidzawerengedwa pa msonkhano wa mamembala onse, m'Chichewa, osati kungolisiya mu ofesi

Malume a ku Biriwiri: Ndakhala chete ndikuwerenga. Nonse mukuwayamikira mayiwa koma palibe amene wanena kuti mayiwa ndi mlamu wawo wa achiwiri kwa tcheya. Mng'ono wawo anakwatiwa kubanja limenelo, ukwati wake tinavina tonse pa Mphate. Ndye mukuti woti anene chilungamo osaopa, adzanena chilungamo pa mlamu wake?

Wa Njinga pa Lizulu: Eeee malume abweretsa bomba

Wachiwiri kwa Tcheya: Ndi zoona malume, sindikana, ndipo a mlembi ndi mboni ndinawauza tsiku lomwe kotesheni inafika. Si ine ndinawaitana mayiwa, anaona chidziwitso chomwe tinamata pa khonsolo. Pa voti ine ndituluka panja

Mlembi: Anandiuzadi. Komanso mayiwo pa tsamba lachitatu alemba okha za ubalewu, ati chilichonse chokhudza achiwiri adzachiona mnyamata wa akaunti uja ndipo ngati komiti ikuona kuti nkosayenera iwo sadandaula. Ndikanayenera kuiika poyamba pomwe, nayi ndajambula tsambalo muone

Malume a ku Biriwiri: Chabwino poti analemba okha. Koma mnyamatayo amalandira malipiro kwa ndani? Kwa mayi omwewo. Ine ndangoti tizione mbali zonse, kuno ku Ntcheu ukafufuza bwino aliyense ndi mbale wa wina

Mlangizi Wopuma: Malume akunena zoona ndipo ndi mtengo umene timalipira tikatenga munthu wa kwathu. Wa kutali alibe mbale kuno koma sadziwanso kuti mwezi wa February anthu alibe ndalama ya masheya, sadziwa kuti mavenda amafika ndi malole mpaka kumunda ndi ndalama m'manja pomwe kopaletivu ikuti dikirani tigulitse kaye, sadziwa kuti theka la mbatatesi za pa msika pano zimadutsa msewu kuchokera ku Mozambique. Akalemba pulani amaika kuti mamembala onse adzagulitsa kudzera ku kopaletivu, zomwe sizinachitikepo chiyambire

Mphunzitsi wa ku Kampepuza: Theka madala mwawerenga liti kkkk

Mlangizi Wopuma: Chabwino zambiri ndithu, mwandigwira aphunzitsi

Wa Akaunti ku Blantyre: Moni kumudzi. Ndaona mochedwa ndinali ku ntchito. Zinthu ziwiri. Choyamba musasokoneze mlangizi ndi odita. Onse awiriwa, a ku Lilongwe ndi mayiwa, angathe kukukonzerani mabuku ndi kukuphunzitsani kalembedwe koma amene wakonza mabuku sangakhalenso woyesa mabuku omwewo. Odita ndi munthu wina wapadera wokhala ndi chilolezo, mutha kufunsa ku mabungwe oyang'anira anthu a za akaunti, ICAM kapena Malawi Accountants Board, ngati dzina lake lilipo. Ndye nkhani ya chilamu ija ikuchepako mphamvu chifukwa pambuyo pake padzabwerabe munthu wachilendo kudzaona manambala. Chachiwiri ngati cholinga ndi kudzafunsira thandizo ngati la AGCOM lija, pulojekiti ya boma yothandiza magulu a alimi kuchita ulimi wa bizinesi, kumbukirani kuti mmene zinkayendera iwo amapereka 70 pa 100 iliyonse inu mupeze 30, ndipo mwa 30 ameneyo 10 ikhale ndalama zenizeni. Pulani yokongola bwanji singakupezereni 10 ameneyo, ndi mamembala kukhulupirira komiti mpaka kutulutsa ndalama m'thumba. Ndye funsani aliyense mwa awiriwa kuti gulu lomwe analithandiza linakwanitsa kusonkha gawo lake kapena ayi

Mayi Msungichuma: Apa mwanena mwana wanga. Anthu pano sakusonkha chifukwa akuti ndalama zathu zimathera m'maalawansi

Wa Akaunti ku Blantyre: Ndipo muwafunsenso kuti bajeti adzaipanga bwanji kuti isafe ndi mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 magulu ambiri anapezeka kuti ndalama yomwe analemba ya nyumba yonse ikungokwana maziko ndi khoma, simenti ndi malata zitakwera. Munthu amene anadutsamo mu zimenezo akuyankhani mosachedwa, amene sanadutsemo ayamba kukuuzani za masomphenya

Bambo Tcheya: Ndamva zonsezi ndipo zina zandilowa. Koma nkhawa yanga ine ndi iyi, mayiwa ndi munthu mmodzi ndipo ndi wamkulu. Mulungu asalole koma atadwala pakati pa ntchito zitha bwanji? Kampani ya anthu anayi wina akadwala wina amapitiriza. Tinaonapo kale ntchito ikuima chifukwa mwini wake wagonekedwa ku chipatala

Mwana wa Kuno ali ku Lilongwe: Funso labwino bambo ndipo muwafunse onse awiri, chifukwa mwa zomwe ndanena zija ya ku Lilongwe nayonso mwina ndi ya munthu mmodzi yemweyo kungoti ili ndi zithunzi zambiri. Ine chomwe ndimayang'ana pa kampani yaing'ono ndi wachiwiri wake. Wakhala naye nthawi yaitali bwanji, amamulola kulankhula pa msonkhano kapena amangonyamula chikwama, amamulipira pa nthawi yake? Munthu amene akulephera kusunga wantchito mmodzi miyezi isanu ndi umodzi ndye adzatiphunzitse ife kusunga mamembala? Kumene ndinali ine tinkasinthana ngati ma minibasi pa siteji, aliyense akangopeza pena amathawa, bwana ankalangiza mabungwe za kasamalidwe ka antchito ife tili miyezi iwiri osalandira

Wa Njinga pa Lizulu: Kkkkk sing'anga wodwala

Mlangizi Wopuma: Mnyamata wa mayiwa ndinamuona ku Nsipe kuja ndipo ndi yemweyo mpaka pano. Gawo la mabuku ankaphunzitsa ndi iyeyo mayiwo atakhala kumbuyo, pena ankawatsutsa pa gulu iwo nkuvomera. Koma zoti angathe kuyendetsa yekha msonkhano wa zisankho anthu atakwiya, pamenepo ayi sanafike

Malume a ku Biriwiri: Ndye bwanji osatenga onse awiri, mayiwa akonze za m'nyumba, a ku Lilongwe adzalembe pulani

Mlembi: Ndalama yake ndi ya mmodzi malume

Achemwali a ku Bembeke: Chilichonse mungasankhe musapereke ndalama yonse poyamba chonde. Pang'ono poyamba, ina akabweretsa zolemba zoyamba inu mutaziwerenga tsamba lililonse, yomaliza msonkhano wa mamembala utavomereza. Ndipo mupeze mwana wa sukulu awerenge mokweza

Mphunzitsi wa ku Kampepuza: Ine maganizo anga ndi oti tisavote pa foni pano. Tiwaitane onse awiri Lachinayi adzaonekere ku komiti, aliyense ola limodzi, ndipo tinene mu kalatayo kuti abwere munthu amene adzagwire ntchitoyo osati wodzangotilankhula. Tiwapatse buku la mayi msungichuma la chaka chatha aliyang'ane mphindi makumi awiri atiuze chomwe aona. Aliyense atipatsenso manambala a magulu awiri omwe anawathandiza, koma tikaimbe kwa msungichuma kapena membala wamba wa gululo osati kwa tcheya yekha

Bambo Tcheya: Bwanji osati kwa tcheya aphunzitsi kkkk

Mphunzitsi wa ku Kampepuza: Matcheya mumagwirizana bambo

Mayi Msungichuma: Buku langa lisatuluke mu ofesi, aliwerengere pamaso panga

Wa Akaunti ku Blantyre: Ndipo mayina a anthu angongole muwaphimbe ndi pepala, awa sanakhale antchito anu

Wa Njinga pa Lizulu: Nanga a PhD akakana kubwera okha

Mwana wa Kuno ali ku Lilongwe: Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Lizulu ndi msewu wa M1 wokhawokha, kunyamuka m'mawa 9 koloko ali pano. Akati atumiza nthumwi muilandire bwino, muifunse ngati ndi iyoyo idzagwire ntchito, ikati eya muiyese iyoyo ndi bukulo

Bambo Tcheya: Chabwino tatero. A mlembi lembani makalata awiri ofanana mawu ake, nditumizireni ndione ndisanasaine. Achiwiri Lachinayi mudzakhala panja mpaka titamaliza. Malume mudzabwere mudzakhale nawo ngati membala woonerera poti ndinu munadzutsa nkhani ya ubale

Malume a ku Biriwiri: Ndidzafika, koma thiransipoti ndi yanga kapena ya kopaletivu?

Mayi Msungichuma: Yanu malume

Mlembi: Makalata ndilemba usiku uno magetsi akayaka. A ku Lilongwe 10 koloko, mayi a pa boma 11:30. Amene ali ndi kiyi wa shedi abweretse mabenchi awiri aja anabwerekedwa ku maliro